Chithunzi Chopanda Nkhope

Panali chinthu chimene Anjelina anali asanauzepo munthu, ngakhale wansembe pokalapa. Mtsikana wa pachithunzi chimene chinavundula mudzi wawo kwa Ndunde chija anali iyeyo. Anthu anachipatsirana m'manja, anachipendeketsa padzuwa, mayi wina mpaka anachipukuta ndi nsonga ya chitenje ngati kuti mdima wa pankhopewo ndi mwaye. Iye ankangoima pambali, manja kumbuyo, n'kumamva akutchula dzina la wina.

Chinajambulidwa Loweruka lina mu Novembala, iye atangomaliza kulemba mayeso a Fomu 4. Kwaya ya achinyamata inali itasoketsa yunifolomu yatsopano, bulauzi yoyera ya kolala yotambalala ndi duku, ndiye anaitanitsa wojambula. Anabwera Asumani, mwana wa Che Sabiti a golosale kwa Likoswe. Mkulu wake wa ku Joni anali atamutumizira kamera ya dijito, yosalira filimu, yoti ikakujambula umadziona pomwepo pakagalasi kakumbuyo. Kusukulu Asumani anali patsogolo pa Anjelina ndi makalasi awiri. Chaka chonse ankangopatsana moni wotalikirapo kusiyana ndi wa anthu ena, basi.

Atatha kujambula gulu panja, Anjelina anabwerera m'kalasi momwe ankaphunzirira nyimbo. Anamva mapazi kumbuyo kwake.

"Mwaiwala chiyani?" Asumani anafunsa ali pakhomo.

"Buku la nyimbo."

"Limene lili m'manja mwanulo?"

Anayang'ana. Linalidi m'manja mwake. Anafuna pansi patang'ambika kuti alowepo.

"Imani pomwepo. Musasunthe."

Anali ataima pawindo, dzuwa la masana lili kumbuyo kwake. Kamera inalira kamodzi. Asumani anayandikira n'kumuonetsa. Mtengo wa mango wa panja unatuluka tsamba lililonse. Kolala ndi duku zinaoneka m'mphepete mokha. Pankhope panali bii.

"Ndiye kuti ndine wakuda chonchi?"

"Ayi, vuto ndi kamerayi, ndi yopusa. Ikaona kuwala kwa pawindo imati kunja kwacha kale, fulashi ya chiyaninso. Imayeza kuwala kwa panjako, munthu amene ali m'kati n'kumuiwala." Anamuonetsa kabatani kokhala ndi chizindikiro cha mphenzi. "Umaikakamiza apa kuti iyake ngakhale isakufuna. Koma osayandikira kwambiri, nkhope imayera ngati munthu wagwera mu ufa. Ine ndimabwerera mapazi atatu, n'kuphimba fulashiyo ndi hanki yopyapyala. Ndikatero mango aoneka, inunso muoneka."

Anabwerera mapazi atatu aja, natulutsa hanki m'thumba.

"Ndiyatse?"

Anjelina anasuzumira panja. Amayi a gulu la Legio ya Maria ankasesa pabwalo la tchalitchi, ndipo amene anali pafupi ndi windo anali mayi ake omubala, a Nester.

"Ayi. Aona kung'anima."

"Ndiye tembenukani muyang'ane kuwindo, kuwala kukumenyeni kumaso. Fulashi siifunikanso."

"Ndiye aona ineyo."

"Munthu wosafuna kuoneka ndimujambule bwanji?"

"Ingofufutani."

Asumani anayang'anitsitsa kagalasi kaja nthawi yaitali. "Sindifufuta. Ine ndikudziwa kuti ndiwe. Zakwana."

Kanali koyamba kumutchula kuti iwe. Anjelina anamva kutentha m'makutu, kenako mantha. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 6. Asisitere a pa parishi anali atalonjeza kuti akakhoza mayeso adzamulembera kalata yopita nayo ku koleji ya aphunzitsi, bola asamveke ndi anyamata. Nanga kumveka ndi mnyamata wa kumzikiti?

"Lumbira kuti sudzatchula dzina langa kwa munthu."

"Wallahi. Mpaka udzandimasule wekha."

* * *

Mu Januwale mayi ake a Asumani, pofuna zovala zoti achape, anachipeza chithunzicho pansi pa sutikesi. Asumani anali atakachitsukitsa ku Limbe. Kuseri kwake analemba ndi bolopeni yofiira kuti, Mwini mtima wanga.

Che Sabiti anakwera njinga mpaka kwa Ndunde, kwa a Mateyu, amene anali wapampando wa tchalitchi komanso mlongo wawo wa a Nester. Tsikulo Anjelina ankasenda chinangwa pakhonde pa atsibweni akewo, ndipo anamva zonse.

"A Mateyu, ine sindinabwere kudzakangana. Ndabweretsa katundu wanu. Kolala iyi ndi ya kwanu kuno. Kwathu atsikana savala chonchi."

A Mateyu anavala magalasi. Anawavula. Anawavalanso. "Nkhope ili kuti?"

"Mukamufunse mwana wangayo. Mkulu wake wamutumizira makina odula, iye akujambula mdima."

"Iye akuti ndi ndani?"

"Lero ndi tsiku lachitatu akungoti analumbira. Kulumbira m'dzina la Mulungu chifukwa cha mtsikana wa kutchalitchi. Anthu akumaseka pagolosale panga, ena akubwera osagula kanthu, kungofunsa ngati mpongozi waoneka. Mumupeze, a Mateyu. Akakhala wofuna banja, alowe Chisilamu tiwakwatitse. Akakhala woseweretsa ana a eni, wangayo ndimukweza basi apite kwa mkulu wake, asadzabwerenso."

Mpeni unamucheka Anjelina pachala. Anayamwa magaziwo mwakachetechete.

Lamulungu Misa itatha, a Mateyu anandandalika atsikana onse khumi ndi awiri a kwaya m'kalasi muja. Amayi anadzaza m'mawindo.

"Amene anaima apa kuti mwana wa Che Sabiti amujambule, atuluke pamzere. Sitichoka."

Anjelina anamva phazi lake lakumanja likunyamuka lokha. Anaona mayi ake pawindo lomwe lija, korona ili m'khosi, nkhope yawo yosadera nkhawa n'komwe, nkhope ya mayi wodziwa kuti wake sangachite zoterozo. Phazi linabwerera pansi.

"Ndine, atsibweni."

Mawuwo anachokera kumanzere kwake. Anali Maluwa, mwana wa malemu mayi ake aakulu, amene anakulira m'nyumba mwawo n'kumagona naye mphasa imodzi. Anali wamkulu ndi zaka ziwiri, koma msinkhu unali umodzi, ndipo telala anawasokera mabulauzi pa muyeso umodzi.

Asumani ataitanidwa madzulo ake, anangoti, "Si ameneyo."

"Ndiye ndi ndani?" a Mateyu anafunsa.

Asumani anayang'ana kumbali.

"Anyamata nonse mumatero. Kulawa mumalawa, pobvomera ndiye pakamwa pamauma."

* * *

Zithunzi za kwaya zinabwera m'maenvulopu, aliyense yake. M'kati mwa ya Anjelina munali kapepala kong'amba m'kope: Lachitatu ku chigayo, 10 koloko. Ndimasule.

Anasenza chimanga chimene sichinkafunika kugaya sabata imeneyo. Asumani anali ataima kuseri kwa chigayo, atatsamira njinga. Anali ataonda. Injini inkalira kwambiri moti anayenera kuyandikirana kuti amvane.

"Ndinapita ku Limbe Lolemba," anatero. "Ndimati mwina pa kompyuta angachiwalitse, anthu aone okha, ine ndisaphwanye lumbiro. Bambo wa pamenepo anawalitsa mpaka mango anayera mbuu. Pankhope panangotuluka timadontho ngati mchenga. Akuti chimene kamera sinachione, kompyuta singachipeke."

"Bwenzi mutandiyalutsa osatchula dzina."

"Bwenzi nditakupulumutsa ku zimene ukudzichitazi. Anjelina, ankhoswe akumana Loweruka la sabata yamawa. Maluwa wavomera kale kulowa Chisilamu. Amayi amugulira mpango."

"Ndauona. Akumayeserera kuvala m'chipinda."

"Ndiye ukungoyang'ana?"

Anjelina anakumba dothi ndi chala cha kuphazi. Panali chinthu china chimene chinkamudya masiku onsewa. "Maluwa walongosolera atsibweni zonse. Windo lachitatu. Mapazi atatu. Hanki. Za hanki wazidziwa bwanji?"

"Aliyense amene ndinamujambulapo m'nyumba anaiona hankiyo."

"Mwajambulapo angati m'nyumba?"

"Wayambanso kunditchula inu."

"Ndangofunsa. Mwina pansi pa sutikesi panali zambiri, amayi anu anangotola chapamwamba."

Asumani anamuyang'ana ngati wamumenya mbama. "Bambo anga sakundiyankhula. Kumzikiti ndimakhala mzere wakumbuyo. Zonsezi chifukwa cha mawu amodzi amene ndinakupatsa iwe. Ndiye undifunse za sutikesi?"

Anafuna kupepesa, koma chimene chinatuluka chinali china. "Zotsatira za mayeso zituluka posachedwa. Ndikangolandira kalata ya asisitere, ndikangolowa ku koleji..."

"Ukamadzalowa ku koleji udzandipeza ndili mlamu wako."

"Kanani."

"Ndikakana ndikwera basi. Sankha wekha pamene ukufuna kunditayira, ku Joni kapena m'nyumba ya mchemwali wako." Anagwira mahandulo a njinga. "Tsiku lija ndinakufunsa kuti ndiyatse. Ndikanangoyatsa osafunsa."

Anapita. Anjelina anabwerera kumudzi ufa uli pamutu, misozi ikutsetsereka mpaka m'khosi, ndipo aliyense amene anakumana naye anamuuza kuti ndi fumbi la kuchigayo.

* * *

Zotsatira zinatuluka Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti ankhoswe akumane. Anjelina anakhoza. A Nester anavina pabwalo atanyamula tsache, nthungululu mpaka mawu kusasa. Madzulo asisitere anatumiza kalata ija, yodindidwa, ndipo a Nester anaiika m'kati mwa Baibulo n'kulikulunga m'chitenje chatsopano.

"Mnzako wandivula pamaso pa mpingo," anatero akumusisita kumsana. "Ndinamulera ngati wanga, lero akupita kumzikiti. Koma Mulungu sanandisiye wamaliseche. Wandisiyira iwe, mwana wosandichititsa manyazi."

Anjelina anati zikomo amayi. Chakudya cha tsiku limenelo anachisiya m'mbale.

* * *

Loweruka m'mawa atsikana awiriwo ankasosola nkhuku kuseri kwa khitchini ya a Mateyu. A Mateyu anali ataitanitsa munthu wa kumzikiti kuti adzazinge nkhukuzo, kuti alendo achisilamuwo adye. Kwa sabata zitatu atsikanawo anagona mphasa imodzi osakambapo kanthu, wina kuyang'ana kukhoma, wina kuchitseko.

"Achemwali," Anjelina anayamba, maso ali pa nkhuku, "munanamiranji?"

Maluwa sanadzidzimuke. Anapitiriza kuzula nthenga. "Ndimadikira tsiku loti ufunse. Ndimati mwina ukhala chete mpaka ndibereke ana atatu."

"Mukudziwa kuti si inu."

"Ndikudziwa bwino. Tsiku lija ndinabwerera kudzatenga ambulera, ndinaima kuseri kwa chitseko. Imani pomwepo, musasunthe. Ndiyatse? Ayi, aona." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndinkachita kukumvera chisoni, Anje. Mnyamata akukupempha kuti akuone, iwe ukubisala."

"Ndiye mukumufuniranji munthu woti sakukufunani?"

Maluwa anasiya nkhuku. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anagwira dzanja la Anjelina, lonyowa ndi madzi otentha, n'kuliika pamimba pake.

"Mwezi wachiwiri uno sindinaone."

"Ya ndani?"

"Dominiko wa kwa Mpama. Anakwera basi ya ku Joni Khirisimasi itangodutsa. Anati akafika aimba pa foni ya aphunzitsi. Mpaka lero."

Anjelina anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. "Asumani akudziwa?"

"Adzadziwa mwana akadzabadwa msanga. Ana ena amabadwa msanga." Maluwa anatolanso nkhuku ija. "Usandiyang'ane choncho. Iwe uli ndi satifiketi, uli ndi kalata m'Baibulo, uli ndi mayi. Ine ndili ndi chiyani? Sindinakulande. Unamukana wekha pamaso pa anthu, ine ndinangotola chimene unataya."

"Si chinthu chotola, ndi munthu."

"Tamvera. Ukayankhula, koleji yatha. Amayi agwa pansi, uwadziwa mtima wawo. Ine atsibweni andithamangitsa ndi mimba yopanda mwini. Ukakhala chete aliyense wapulumuka."

"Kupatula iyeyo."

"Mwamuna amazolowera. Bweretsa madzi ena, awa azizira."

Anjelina anapita kukatenga madziwo. Anaima pamoto nthawi yaitali, ndowa ili m'manja, akufunafuna pamene mchemwali wake wanama pa zonse zimene wanenazo. Sanapapeze.

* * *

Zokambirana sizinatenge nthawi. Dzuwa lisanafike pamutu, akuluakulu a mbali ziwiri anali atagwirizana m'chipinda chochezera cha a Mateyu. Chithunzi chopanda nkhope chija chinali patebulo, atachitsamiritsa ku botolo la maluwa apulasitiki. A Nester anakhala pamkeka pakona ndi amayi ena. Asumani anakhala pampando wapafupi ndi khoma, kamera ili pamiyendo, poti bambo ake anamulamula kuti abwere nayo.

"Tijambule," Che Sabiti anatero. "Mkulu wako aone kuti nkhani yatha mwaulemu."

Akuluakulu anasunthira pabenchi la pansi pa windo, nakonza makolala. Asumani anaimirira, anadina osayang'ana n'komwe, n'kupereka kamera kwa bambo ake.

"Wayambanso," Che Sabiti anatero. "A Mateyu, taonani. Anthu anayi aulemu wawo, iye watulutsa zitsa zinayi."

"Mwina ndi mmene amationera," a Mateyu anayankha, ndipo amayi pakona anaseka chogwira pakamwa.

"Mwakhala mofulatira windo," Asumani anatero motsitsa mawu.

"Ndiye tigumule nyumba ya eni? Konza makina akowo."

Anadina kabatani ka mphenzi. Kuwala kunang'anima, a Mateyu n'kuphethira. Pakagalasi nkhope zinayi zinatuluka zoyera mbee, magalasi a a Mateyu ngati nyali za galimoto.

"Tsopano watisandutsa mizukwa."

"Ndinayandikira kwambiri." Anabwerera mapazi atatu, natulutsa hanki, naikulunga pa fulashi. Ulendo uno zonse zinaoneka, ndevu za Che Sabiti, mzere wa thukuta pachipumi cha a Mateyu, ngakhale nthochi za panja pawindo.

"Ehe, kodi umatha," a Mateyu anatero, akudzisirira. "Ukanatero tsiku lija bwenzi tisanavutike. Achemwali, itanani mwanayo ajambulidwe bwinobwino, apongozi ake amuone nkhope."

A Nester anakuwira panja. "Maluwa, fulumira. Anjelina, madzi osamba m'manja."

Anjelina ndiye anayamba kufika pakhomo, beseni lili m'manja. M'nyumbamo munali mdima poyerekeza ndi panja, ndipo dzuwa linali kumbuyo kwake. Anaona mitu ikutembenuka, maso akutsinzinira. A Mateyu anaika dzanja pachipumi.

"Ndiwe Maluwa? Lowa mwanawe, usachite manyazi."

Ngakhale atsibweni ake omwe sanamuzindikire. Akanatha kungoti ayi ndine, n'kutula beseni, n'kubwerera kukhitchini, Lolemba n'kuyamba kusoketsa madiresi a ku koleji. Koma Asumani sanatsinzinire. Anali atamudziwa kale. Anaima pakati pa chipinda, hanki ikadali pa kamera, ndipo anabwerera phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu, mpaka msana unagunda khoma.

"Ndiyatse?" anafunsa, mawu ake osamveka bwino.

"Ukufunsa ndani? Jambula," Che Sabiti anatero.

Iye sanajambule. Anadikira.

Kumbuyo kwake Anjelina anamva fungo la mafuta odzola a Maluwa, kenako mpweya wotentha pakhutu.

"Ukangotsegula pakamwa," Maluwa ananong'ona, "ndiwauza pompano kuti mimbayi ndi yake. Tione amene amukhulupirire, munthu woti wakhala akukana chilichonse."

Anjelina anayang'ana pakona pamene panali mayi ake. Ankamwetulira, akumukodola kuti alowe msanga asatsekereze mkwatibwi. Anayang'ana chithunzi cha patebulo, kolala ndi duku ndi mdima pakati.

"Yatsa," anatero.

Kuwala kunadzaza chipinda. Asumani sanayang'ane pakagalasi. Anayenda n'kukaika kamera patebulo, pambali pa chithunzi chakale chija, moyang'anitsa kwa akuluakulu. Nkhope inalipo yonse, maso ofiira, mlomo wolumidwa, ndiponso kuseri kwa phewa theka la nkhope ya Maluwa atavala mpango.

"Uyu ndi Anjelina," a Mateyu anatero. "Wajambula wolakwika, mnyamata iwe."

Anjelina anatula beseni pansi. Madzi anatayikira pa simenti n'kuyenderera mpaka ku nsapato za alendo. Anagwada pakhomo pomwepo. Anayankhula mokweza kuti mawu afike mpaka pakona pamene panali mayi ake.

"Sanalakwitse, atsibweni. Amene anaima pawindo paja ndine."